Makina, bot kapena ma admin: njira zotetezera gulu lanu la pa foni kwa akamberembere

Nkhaniyi ndi ya inu amene mwasenzetsedwa udindo woyang'anira gulu la pa WhatsApp, Facebook kapena Telegram kuno ku Blantyre: la mpingo, la makolo a ana a sukulu imodzi, la banki m'khonde, la anthu okhala moyandikana ku Machinjiri kapena ku Chilomoni, la ogulitsa kaunjika ku Limbe, ngakhale la ochemerera Maule ndi Manoma. Gulu likangokula kupitirira anthu odziwana nkhope, zinyalala zimayamba kulowa, ndipo pamabuka funso: tisiyire makina, tiike bot (kapulogalamu kogwira ntchito kokha), kapena tisankhe anthu oti azilondera?

Yambani mwadziwa chimene mukulimbana nacho, pakuti si chimodzi. Pali zotsatsa za alendo: malinki a data yaulere, ma odds a mpira, mabizinesi olonjeza kuchulukitsa ndalama pa sabata imodzi. Pali chinyengo cholunjika pa thumba la munthu: ntchito yabodza yofuna kuti muyambe mwalipira ya fomu pa Airtel Money kapena pa Mpamba, linki yoti mulembetsere Mtukula Pakhomo, nambala yachilendo yolandirira chipepeso. Ndiye pali zoipa zochokera kwa mamembala enieni: mphekesera, kutukwanizana, zithunzi za ngozi, ndi uthenga wa maliro woponyedwa pagulu abale asanauzidwe. Makina amachita bwino pa mtundu woyamba, amayeserako pa wachiwiri, koma pa wachitatu alibe mphamvu.

Zoyezera zathu

Njira iliyonse tiyiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo wake, ndipo apa tikuwerengera ndalama, bandulo komanso nthawi ya munthu. Kupezeka kwake: kodi imagwira pa pulogalamu imene gulu lanu lili, ndipo imamva Chichewa chathu chosakaniza ndi Chingerezi? Kusamalira kwake: ndani aziiyang'anira miyezi ikamapita? Ndi zoopsa zake.

Pa zoopsa pali zolakwa ziwiri, ndipo ambiri timangoona chimodzi. Choyamba ndi kulola uthenga woipa kudutsa. Chachiwiri ndi kuchotsa uthenga wabwino kapena kuthamangitsa munthu wosalakwa. Sefa yothina kwambiri imatsekereza ndi ufa womwe. Ku Wikipedia ya Chingerezi kuli bot yotchedwa ClueBot NG, imene yakhala ikubweza zolemba zowononga kuyambira mu 2010. Eni ake anasankha kuti isamakhudze zolemba zabwino zoposa chimodzi pa 1,000 zilizonse, ndipo pa chifukwa chimenecho imagwira zoipa zosakwana theka. Zotsalazo amazigwira ndi anthu. Ngati zili chonchi pa Chingerezi, chilankhulo chimene makina anaphunzitsidwa kwambiri, musayembekezere zodabwitsa pa Chichewa.

Njira yoyamba: kusiyira makina a eni pulogalamu

Mtengo. Palibe cholipira. Makinawa amagwira ntchito kaya mukufuna kaya simukufuna.

Kupezeka. Apa mapulogalamu atatuwa amasiyana kwambiri. WhatsApp, kumene kuli magulu athu ambiri, inatseka mauthenga onse mu 2016 mwa njira yoti kampaniyo payokha singawawerenge. Zimenezi n'zabwino pa chinsinsi, koma zikutanthauza kuti m'gulu lanu mulibe makina amene akuwerenga uthenga uliwonse n'kuona ngati ndi wachinyengo. Chimene WhatsApp imayang'ana ndi khalidwe la nambala: yalembetsedwa liti, ikutumiza mauthenga angati pa mphindi, ndi anthu angati amene aidandaula kapena kuitsekera. Mu 2019 kampaniyo inanena kuti inkatseka ma akaunti pafupifupi 2 miliyoni pa mwezi pa dziko lonse. Chaka chomwecho inalamula kuti uthenga usamatumizidwe ku malo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu April 2020 inati uthenga umene wadutsa kale m'manja ambiri uzitumizidwa kumalo amodzi basi. Mukadandaula nambala, WhatsApp imalandira mauthenga asanu omaliza ochokera kwa munthuyo, ndipo apo mpamene imawaona.

Facebook imaona zolembedwa m'magulu, ndipo zina imazichotsa yokha kapena kuziika pambali kuti admin azione. Telegram nayo imaona za m'magulu, ndipo kumapeto kwa 2022 inapatsa magulu akuluakulu mwayi woyatsa sefa yamphamvu yogwira zotsatsa.

Kusamalira. Palibe choti mukonze, koma palibenso choti musinthe. Ntchito yanu ndi kuphunzitsa mamembala kuti azidandaula nambala yachinyengo asanaifufute.

Zoopsa. Kamberembere wa kuno satumiza mauthenga masauzande pa mphindi. Amalowa m'gulu, amakhala chete masabata awiri akuwerenga, amadziwa dzina la msungichuma ndi la abusa, kenako amalembera anthu asanu kumbali m'Chichewa chaulemu. Kwa makina, ameneyu ndi munthu wamba. Vuto lina ndi lakuti makina akalakwitsa n'kutseka akaunti ya mayi wogulitsa zitenje chifukwa watumiza zithunzi zofanana m'magulu ambiri, kudandaula kwake kumatenga nthawi, ndipo bizinesi imakhala itaima. Njira iyi payokha sikwanira gulu lililonse limene mumadutsa ndalama.

Njira yachiwiri: kutseka pakhomo

Iyi ndi njira yogwiritsa ntchito maloko amene ali kale m'pulogalamu, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yopindulitsa kuposa zonse poyerekeza ndi mphamvu imene imafuna. Magulu ambiri saigwiritsa ntchito.

Mtengo. Ulere, kupatula mphindi zochepa zoikira.

Kupezeka. Pa WhatsApp, kuyambira mu 2023, admin angathe kulamula kuti aliyense wobwera kudzera pa linki adikire kaye kuvomerezedwa. Angathe kusintha linki kuti yakale ife. Angathe kuletsa mamembala wamba kulowetsa anzawo kapena kusintha dzina ndi chithunzi cha gulu. Angathenso kulamula kuti olemba akhale ma admin okha, kwa nthawi zonse kapena usiku wokha. Pa Facebook mungafunse wofuna kulowa mafunso mpaka atatu, ndiponso mungalamule kuti zolemba zisaoneke admin asanazivomereze. Pa Telegram pali njira yochedwetsa, yoti munthu akalemba kamodzi adikire masekondi kapena mphindi asanalembenso.

Funso la pakhomo likhale loti mlendo wakutali sangaliyankhe. Gulu la anthu a ku Ndirande lifunse dera limene munthuyo amakhala ndi dzina la amene wamuitana. Gulu la makolo lifunse kalasi ya mwana, ndipo yankho liyerekezedwe ndi kaundula wa kusukulu.

Kusamalira. Wina ayenera kumaona mndandanda wa odikira tsiku lililonse. Linki isinthidwe nthawi iliyonse imene yaikidwa poyera, kaya pa chikwangwani cha ukwati kaya pa tsamba la Facebook. Kamodzi pa miyezi ingapo, dutsani m'mndandanda wa mamembala n'kuchotsa nambala zimene palibe akuzidziwa. Musaiwale kuti nambala imene mwini wake anasiya kuigwiritsa ntchito imatha kudzapatsidwa kwa munthu wina.

Zoopsa. Gulu lotsekedwa mopitirira limazizira. Mukati olemba akhale ma admin okha, uthenga wa paipi yophulika ku Chirimba kapena wa mwana wosowa ku Bangwe umachedwa, chifukwa wouona koyamba alibe pakamwa. Ndipo loko sagwira munthu amene ali kale mkati.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa chinyengo chopweteka kwambiri chimalowera apa. Munthu amaimbiridwa foni ndi wina wonena kuti ndi wa m'gulu lomwelo, kuti kuli msonkhano wa pa intaneti madzulo, ndipo kuti alowe ayenera kutchula manambala 6 amene angofika pa SMS. Manambalawo ndi kiyi wa WhatsApp yake. Akangowatchula, akaunti yapita, ndipo wakubayo amayamba kupempha ndalama m'dzina la munthu amene aliyense amamukhulupirira, ndi chithunzi chake chomwe. Palibe sefa imene ingakayikire uthenga wochokera kwa amayi a Mvano amene akhala m'gulu zaka zisanu. Mankhwala ake ndi awiri: aliyense, makamaka ma admin, ayatse PIN yachiwiri ya WhatsApp, ndipo gulu ligwirizane kuti pempho lililonse la ndalama litsimikizidwe poimba foni n'kumva mawu a mwini wake.

Njira yachitatu: ma admin odzipereka

Mtengo. Timati ndi ulere chifukwa palibe amalipidwa, koma wina amagula bandulo, amatchaja foni, amadzuka usiku. Ofufuza a pa Northwestern University ku America anawerengera mu 2022 kuti ntchito imene odzipereka oyang'anira magulu pa Reddit, tsamba la pa intaneti la zokambirana, amagwira kwaulere ingakwane madola osachepera 3.4 miliyoni pa chaka itati ilipidwe. Gulu lanu ndi laling'ono, koma mfundo ndi yomweyo. Ngati gulu lili ndi thumba, kuika kangachepe ka bandulo ya ma admin mwezi uliwonse n'chilungamo.

Kupezeka. Iyi ndi njira yokhayo imene imagwira pa pulogalamu iliyonse ndi m'chilankhulo chilichonse. Admin wa ku Zingwangwa amamva Chichewa cha achinyamata, Chiyao ndi Chilomwe cholowetsedwa pakati, mawu ofupikitsidwa, ndi uthenga wa mawu umene sefa ya zilembo siingaumve. Amadziwa kuti "tikuphani Lamulungu" pa gulu la mpira sabata ya masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium ndi macheza, koma mawu omwewo pa gulu la malire a mapuloti ndi nkhani ya kupolisi. Kuyambira mu 2022 admin wa pa WhatsApp angathe kufufuta uthenga wa membala kuti uchoke kwa aliyense, malinga achite zimenezi pasanathe masiku awiri.

Chovuta ndi nthawi. Admin amagona, amapita kuntchito, amakhala pamaliro, ndipo magetsi akazima foni imathima. Linki yoponyedwa 2 koloko usiku imakhala itadinidwa kale pofika m'mawa.

Kusamalira. Apa mpamene magulu ambiri amagwera. Admin mmodzi sakwanira, ndipo khumi ndi ochuluka, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake waona. Atatu kapena anayi a nthawi zosiyana amathandiza: wina wodzuka m'mamawa, wina wokhala pa foni masana pa shopu, wina wogona mochedwa. Akhale ndi kagulu kawo kapadera kokambirana asanachotse munthu. Malamulo alembedwe mwachidule pa malo ofotokozera gulu, ndipo anene chilango: kuchenjeza kumbali, kuchenjeza pagulu, kenako kuchotsa. Wachinyengo yekha ndiye achotsedwe nthawi yomweyo.

Muganizirenso za m'tsogolo. Pa WhatsApp, admin aliyense angathe kuchotsa admin mnzake, kupatula amene anatsegula gululo, ndipo ameneyo sachotseka pokhapokha atatuluka yekha. Admin womaliza akatuluka, pulogalamu imasankha yokha membala wina aliyense kukhala admin. Choncho gulu la mpingo kapena la sukulu lisatsegulidwe pa nambala ya munthu amene angachoke chaka chamawa atakwiya.

Zoopsa. Choyamba ndi ulemu wathu womwewu. Mnyamata amene ndi admin sangafufute mosavuta mphekesera yoponyedwa ndi a mfumu, abusa kapena apongozi ake. Njira yake ndi kuika munthu wamkulu mmodzi pakati pa ma admin, ndi kulembera wolakwayo kumbali: "Bambo, pepani, uthenga uja tauchotsa kaye mpaka titsimikize." Chachiwiri ndi kukondera, makamaka nthawi ya kampeni, pamene admin amafufuta za chipani chimene sachifuna n'kusiya za chake. Chachitatu ndi kutopa. Munthu amene tsiku ndi tsiku amaona zithunzi za ngozi ndi zolaula kuti ena asazione amafooka mumtima, ndipo tsiku lina amangosiya osanena. Odzipereka angathenso kunyanyala: mu June 2023 a pa Reddit anatseka magulu masauzande pokwiya ndi mitengo yatsopano imene inakhudza zida zimene ankagwiritsa ntchito.

Palinso lamulo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuzunza anthu pa intaneti, mauthenga onyoza ndi kutumiza zinyalala mwachisawawa, ndipo m'dziko muno anthu anamangidwapo chifukwa cha zimene anaponya pa WhatsApp ndi pa Facebook. Admin amene amafufuta msanga amateteza wolembayo, wolembedwayo ndi gulu lonse. Koma pa nkhani ya kuba ndalama, jambulani kaye uthengawo ndi nambala yake musanafufute, kuti wobedwayo akhale ndi umboni popita kupolisi kapena ku kampani ya foni.

Njira yachinayi: bot ndi malamulo oyenda okha

Bot ndi kapulogalamu kamene kamalowa m'gulu ngati admin n'kumachita zimene mwakalamula.

Mtengo. Admin Assist, chida cha Facebook chosefa zolemba potsatira malamulo amene admin waika, inafika kwa ma admin onse mu 2021, ndipo ndi yaulere. Pa Telegram, ma bot odziwika monga Rose, Shieldy ndi Combot amagwira ntchito zambiri kwaulere, ngakhale ena amalipiritsa zowonjezera. Malipirowo amakhala m'ndalama zakunja, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira pa intaneti ndi khadi la kuno akudziwa vuto lake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira m'madola chinakwera tsiku limodzi.

Kupezeka. Pa Facebook mungalamule kuti zolemba zokhala ndi linki, zochokera ku akaunti yatsopano, kapena zokhala ndi mawu ena ake zikanidwe zokha. Pa Telegram, kumene gulu limatha kufika anthu 200,000, bot imayesa wobwera kumene pomuuza kuti adine batani kapena ayankhe kafunso, ndipo wolephera amatulutsidwa. Pa magulu wamba a WhatsApp, amene malire ake ndi anthu 1,024, njira yovomerezeka yotere palibe. Amene angakulonjezeni bot ya gulu lanu la WhatsApp nthawi zambiri amagwiritsa ntchito njira zimene kampaniyo imaletsa, monganso imaletsera GB WhatsApp, ndipo nambala yolumikizidwayo ingatsekedwe.

Kusamalira. Mndandanda wa mawu oletsedwa muyenera kuulemba nokha, m'Chichewa, ndi kumauwonjezera. Achinyengo amasintha kalembedwe msanga: mukaletsa "ndalama" alemba "ndrama" kapena "dola", mukaletsa linki aika nambala pa chithunzi. Wina ayeneranso kumatsegula mulu wa zokanidwa kawiri kapena katatu pa sabata kuti apulumutse zimene zagwidwa molakwika.

Zoopsa. Mawu a wachinyengo ndi mawu a wamalonda woona ndi amodzi: Mpamba, tumizani, ntchito, mtengo. Pa gulu la malonda, kuletsa mawu amenewa n'kupha gululo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti bot isamafufute kapena kuthamangitsa yokha pa nkhani ya mawu. Iziika uthengawo pambali kapena kuchenjeza admin, munthu ndiye agamule. Kumene ingagamule yokha ndi pa zinthu zosakayikitsa, monga akaunti ya dzulo imene uthenga wake woyamba ndi linki.

Choopsa china ndi chinsinsi. Bot imene mwaipatsa udindo wa admin imaona zolembedwa m'gulu, ndipo zimadutsa pa kompyuta ya munthu amene simumudziwa. Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, ndipo gulu limene limakambirana za matenda, ngongole kapena ana liganize kawiri lisanalowetse mlendo wotere. Mwini bot angathenso kuisiya osakuuzani.

Njira yachisanu: kulemba munthu ntchito

Mtengo. Malipiro a mwezi ndi bandulo. Ndi yokwera kuposa zonse.

Kupezeka. Mu mzinda muno achinyamata odziwa foni ndi ambiri, ena ophunzira ku MUBAS ndi m'makoleji ena, ofuna ganyu wa maola ochepa.

Kusamalira. Afunika malamulo olembedwa, maola odziwika, ndi munthu woti azimufunsa pa nkhani zovuta.

Zoopsa. Mukumupatsa makiyi a makasitomala anu. Pa Facebook mupatseni udindo wa moderator, umene sumulola kuchotsa ma admin kapena kusintha maloko a gulu. Pa WhatsApp udindo wapakati woterewu palibe, choncho nambala imene inatsegula gulu ikhale ya bizinesi, m'manja mwanu.

Njira iti kwa ndani

Banki m'khonde, chipereganyu kapena gulu la banja, anthu osapitirira makumi atatu: tsekani pakhomo, linki isakhalepo n'komwe, ma admin awiri, PIN yachiwiri kwa aliyense. Nambala yolandirira ndalama ilembedwe pa malo ofotokozera gulu, ndipo isasinthidwe popanda kukumana maso ndi maso. Bot pano ilibe ntchito.

Mpingo kapena sukulu, anthu mazana angapo: gawani pawiri. Gulu la zolengeza, lolemba ma admin okha, ndi lina la macheza kwa ofuna. WhatsApp Communities, imene inayamba mu November 2022, inapangidwira zimenezi. Ma admin akhale atatu kapena anayi, mmodzi wa iwo wamkulu amene angalankhule ndi akuluakulu anzake.

Gulu la m'dera, la chitetezo, madzi ndi magetsi: musatseke pakamwa pa anthu, chifukwa phindu lake ndi liwiro. Amene anali ku Chilobwe ndi ku Soche mu March 2023 pa namondwe wa Freddy akudziwa kufunika kwa uthenga wofika msanga. Limbikani pakhomo, ikani ma admin osinthana mpaka usiku, ndipo gwirizanani kuti pempho la thandizo la ndalama lizidzera kwa admin, ndiponso kuti dzina kapena chithunzi cha womwalira chisaponyedwe abale asanalole.

Gulu la malonda pa Facebook la anthu masauzande: apa makina ndi ofunika ndithu. Yatsani mafunso a pakhomo, lolani Admin Assist ikane akaunti zatsopano ndi malinki, ndipo zolemba za obwera kumene zizidikira kuvomerezedwa mpaka atadziwika. Anthu asanu odzipereka angakwanitse zotsalazo. Ngati gululo likukubweretserani ndalama za otsatsa, mmodzi mwa iwo azilipidwa.

Gulu la ochemerera mpira kapena la ophunzira limene ladzaza malire a WhatsApp: Telegram ndi bot yoyesa obwera kumene ingakupepukitseni, koma funsani kaye mamembala ngati bandulo imene amagula imatsegula Telegram. Ambiri amagula ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo mukasamuka osafunsa mudzapeza kuti theka la anthu latsalira. Zikatero, tsegulani gulu lachiwiri pa WhatsApp pomwepo, lokhala ndi ma admin akeake.